Mzimu wa m'Timabolodi ta Mayeso

Labu ya ophunzira a chaka choyamba inali ndi fungo lakelake, la mtovu wopsa, nsapato zonyowa ndi makoko a nthochi oiwalika m'madirowa. Madamu anali ataphunzitsamo teremu yathunthu, koma mphuno yake inali isanagonje. Kunsi kwa tebulo lililonse kunali chingamu chouma, ndipo mabatani a makompyuta anali ndi mafuta a zala za anthu amene anamaliza maphunziro kalekale. M'mawa uliwonse ankalowa ndi kansalu ndi botolo la sipiriti m'chikwama, ngati namwino wopita kukatsuka mabala. Ophunzira anam'patsa dzina loti Fiyuzi poti ankati sachedwa kuphulika. Iye ankalidziwa dzinalo ndipo silinkamuwawa.

Tsikulo linali la mayeso a manja. Ntchito yake inali yomwe anakhala akuwaphunzitsa kuyambira sabata yoyamba, pang'onopang'ono ngati akumwetsa mankhwala mwana wodwala. Wophunzira aliyense ankalandira kabolodi kokwana m'chikhatho, kokhala ndi tchipi, kaubongo kake kosunga pulogalamu, pakati. Ankayenera kulumikizako kachipangizo komva kutentha, kagetsi kofiira ndi kafani, kenako n'kulemba pulogalamu pa kompyuta ndi kuitumiza m'tchipimo kudzera pa chingwe. Woyesa akayandikitsa kapu ya madzi otentha, kafaniko kazungulire. Kakazungulira, wakhoza. Kakapanda kuzungulira, walephera, ndipo wolephera phunziro limeneli sankapitiriza zauinjiniya. Ankalongedza katundu wake n'kubwerera kwawo.

Lamulolo anaika ndi mkulu wa dipatimenti, bambo wa mimba yotsogola amene aliyense ankamutchula a Zitheka, chifukwa vuto lililonse lobwera nalo ku ofesi kwawo ankaliyankha ndi mawu amodzi omwewo. Timabolodi ta mayeso ankasunga okha m'kabati yokiya. Sitinali timene ana ankaphunzirira tsiku ndi tsiku ayi. Timeneti tinkatuluka pa nthawi ya mayeso basi. M'mawa umenewo anabwera nato okha m'katoni, atatikumbatira ngati mazira.

"Muzitigwira bwino, achemwali," anatero. "Timeneti tinakhozetsa mainjiniya amene lero akuyenda pa galimoto zazikulu."

Nthawi itakwana, Madamu anathira madzi a m'ketulo m'kapu n'kuyamba kuzungulira. Pa tebulo loyamba kagetsi kanaphethira, kenako kafani fuu! Pachiwiri chimodzimodzi. Mnyamata amene teremu yonse ankagona kumbuyo, wosasiyanitsa waya wa moto ndi wapansi, naye kafani kake kanazungulira mpaka kuulutsa pepala. Mtima wa Madamu unayamba kusungunuka. Kani ana amenewa ankamva, anaganiza. Kani mawu anga sankangogwera pa mwala.

Kenako anafika pa Mafunso.

Ameneyu anali mtsikana wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi pa mwendo umodzi. Anzake anamutcha Mafunso chifukwa dzanja lake linkakhalira m'mwamba, ndipo belu likalira ankatsatira Madamu mpaka pa masitepe. Ndi iye yekha m'kalasimo amene anafunsapo chifukwa chake kagetsi kamapsa ukapanda kukaikira chochepetsa mphamvu. Kafani kake kanali kakuzungulira kale kapu isanafike. Madamu atayandikitsa madzi otentha, kanaima zii. Atachotsa kapu, kanayambanso.

"Ndatembenuza chizindikiro, Madamu," anatero mtsikanayo. "Ndalemba kuti kukazizira m'malo moti kukatentha. Ndangoona pompano. Ndi malo amodzi okha."

"Nthawi yatha, mwana wanga."

"Ndikudziwa."

Madamu anapita patsogolo. Tebulo lotsatira linali la Nduna, woimira kalasi, mnyamata wovala jekete ngakhale kutenthe chotani. Kagetsi kanaphethira, kafani fuu! Nduna anapinda manja pachifuwa n'kumwetulira ngati wapanga ndege.

Apa m'pamene chinthu chinam'gunda Madamu m'mutu. Kuphethirako. Iye sanauze munthu kuti kagetsi kayambe kaphethira fani isanazungulire. Sanaphunzitse zimenezo, ndipo pa funso panalibe. Nanga ana osiyana mitu, ena anzeru ena ogona, angaphethiritse bwanji kagetsi mofanana ngati anabadwa mimba imodzi?

"Tasuntha," anatero.

"Pali vuto, Madamu? Fani yazungulira bwinobwino."

"Ndati tasuntha."

Anakhala pa mpando wa Nduna, womwe unali wofunda ndi wonyowa thukuta, n'kuyang'ana pa kompyuta. Mizere ya pamwamba inali yooneka bwino, yokopera m'mabuku. Atatsitsa m'munsi anapeza zilembo zongounjikana, zopanda mutu ndi mchira, tsamba lonse. Mnyamatayo anangokhala akugogoda mabatani kuti phokoso lizimveka. Pakati pa zinyalalazo anali atalembapo mayina a osewera mpira.

"Pulogalamu imeneyi ndi imene yazunguza fani?"

Timafani tinkangopukusa mpweya wonunkha uja.

"Yankha, a Nduna. Si paja pakamwa m'pako?"

Nduna anakanda kumutu. Ataona kuti palibe pothawira, anaseka pang'ono ngati munthu amene wagwidwa akutola chipatso chakugwa chokha.

"Aaa, Madamu, mesa mukudziwa? Ndi Mzimu umenewo."

"Chiyani?"

"Mzimu. Pulogalamu yakale imene ili kale m'tchipimo. Tchipi siiwalatu, Madamu, munatiphunzitsa nokha, ngakhale muzimitse magetsi chaka chonse. A chaka chachiwiri amatilangiza tikangofika. Lumikiza mawaya, lemba chilichonse, koma kabatani kotumizira usakagunde, ungathamangitse Mzimu." Analoza Mafunso ndi chibwano. "Uyu tinamuuza. Akuti iye akufuna yake. Ndiye wauthamangitsa, si uyu akulira apayu."

Wina kumbuyo anatulutsa kaphwete. Madamu anatembenuka. Anayang'ana nkhope zija imodzi imodzi. Panalibe wamanyazi. Ankangomuyang'ana ngati mlendo amene wafunsa chifukwa chake anthu amavula nsapato pakhomo.

"Tulukani nonse."

Atatsala yekha sanakhale pansi kuti aganize. Anatenga kabolodi koyamba, n'kukalumikiza ku kompyuta, n'kufufuta zonse za m'tchipi. Anatenga kachiwiri. Sanalumphe ngakhale kamodzi, ndi totsala m'katoni tomwe. Timafani tonse titakhala chete, anapukuta zala ndi sipiriti n'kukwera ku ofesi ya a Zitheka.

Anawapeza akutokosa m'mano ndi waya wa kopa.

"Bwana, mayeso aja abwerezedwe. Ana sanalembe kanthu. M'matchipi munali pulogalamu yakale."

A Zitheka sanadzidzimuke. Anayang'ana nsonga ya waya uja, n'kuipukutira ku thalauza.

"Khalani pansi, achemwali. Mafani azungulira?"

"Azungulira, koma si ana azunguza."

"Ndiye vuto lili pati? Fani imafunsa kuti wandizunguza ndani?"

"Kodi mumadziwa?"

"Ine sindidziwa kanthu. Ine ndimangosunga kiyi." Anatsamira kumbuyo, mpando n'kulira. "Mwabwera chaka chino, magazi akadali otentha. Ana amenewa ndi ambiri, makompyuta ndi ochepa, teremu ndi yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Mukufuna tibweze theka la kalasi kwa makolo awo? Akaphunzira kutsogoloko. Zitheka."

"Wabwezedwa ndi mmodzi yekha, Bwana. Yemwe walemba pulogalamu yake."

"Amene uja wa magalasi? Pepani. Lamulo ndi lamulo. Kusamva malangizo a anzako nakonso ndi kulephera."

"Ndiye mumve izi. Ndafufuta."

"Mwatani?"

"Timabolodi tonse. Mulibe kanthu. Mzimu wanuwo wapita."

Waya unagwa pansi. Kwa nthawi yoyamba chibwerere pa sukulupo, Madamu anaona a Zitheka ataimirira mofulumira.

"Mayi inu, mutu ukuyenda bwino? Gulu lachiwiri likulemba Lolemba! Mukudziwa kuti pulogalamu imeneyo palibenso kwina kumene ili? Anailemba ndi mphunzitsi wina amene anachoka kuno inu musanamere mano!"

"Ndiye Lolemba alemba okha. Ndi a lero omwe abwereze."

"Palibe chobwereza. Zotsatira za lero zatsekedwa." Anapuma mwamphamvu, kenako mawu anafewa ngati sopo wonyowa. "Taonani, tisakangane ngati ana. Inu kulemba kapulogalamu kameneko ndi ntchito yoti tiyi asanazizire mwamaliza. Bwezeranimo. Mukatero, za mtsikana wanuyo tiona. Tinganene kuti kabolodi kake kanali ndi vuto."

"Ine ndilembe pulogalamu yoberera mayeso anga omwe?"

"Yoyesera zida, achemwali. Mawu muzisankha."

"Sindilemba."

"Ndiye wanu uja Lolemba akatenge kalata yake ku ofesi ya kalembera."

Madzulo a tsikulo mwamuna wake anamupeza akukwecha poto woyera kale. Bamboyo ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ankabwera kunyumba mwendo wamanja ukuwawa chifukwa chopondereza buleki ya mbali yake tsiku lonse. Anamvetsera nkhani yonse atatsamira chitseko cha khitchini, mwana wawo wamng'ono atam'kolekera m'khosi.

"Mzimu!" anaseka mpaka mwanayo anayamba kuseka nawo osadziwa kanthu. "Akazanga, ndiye ndinu asing'anga tsopano? Mwatulutsa ziwanda m'katoni yonse?"

"Musandiseke. Ndikumva ngati ndaponda zoipa ndi phazi lopanda nsapato."

"Ifenso kwathuku alipo amene amakhoza ndi phazi langali. Woyesa akuyang'ana kutsogolo, ine ndikuponda pansi mwakachetechete."

"Ndiye mukunyadira?"

"Ayi. Ndikawaona pamsewu ndimakhotera kwina." Anatsitsa mwanayo. "Koma mtsikanayo atani? Inu mwasamba m'manja, chabwino. Iye Lolemba akwera basi."

"Ndipita kwa akuluakulu a sukulu."

"Ndi umboni uti? Si mwafufuta nokha?"

Madamu anasiya kukwecha. Zimenezo anali asanaziganize. Mkwiyo wake womwe unali utasesa bwalo lonse, osasiya ndi phazi limodzi la wakuba.

"Bwana wanuyo ndi khoswe wa pamkhate," anatero mwamunayo, uku akuvula nsapato. "Mukaponya mwala muphwanya mkhate. Ndipo mkhate wake ndi kamtsikana ka eni."

Loweruka lonse Madamu anakhala ngati wadwala malungo. Analemba dandaulo lopita kwa akuluakulu, n'kuling'amba. Anatsegula kompyuta kuti alembe pulogalamu ija, zala n'kukana. Akaganiza za Nduna atavala chipewa cholimba, akuloza mawaya a chipatala kapena a chikepe cha m'nyumba zosanja, ankatseka kompyuta. Akaganiza za Mafunso atanyamula chikwama pa siteji ya basi, ankaitsegulanso. Lamulungu masana anavala n'kuuza mwamuna wake kuti akupita ku labu. Sanadziwe chimene akachite. Ankangofuna kukaima pamaso pa katoni ija, mwina mtima ukasankha wokha.

Anapeza chitseko cha labu chili chotsekula.

M'katimo munali Mafunso yekha. Katoni inali pa tebulo, timabolodi tili m'milu iwiri, wina kumanzere wina kumanja. Ketulo inali ikutokota pakona. Mtsikanayo anali atalumikiza kabolodi kamodzi ku kompyuta, chala chili pa kabatani kotumizira. Ataona Madamu anaimirira mpaka mpando unagwa.

"Ukutani muno?"

"Anandiitana a Bwana dzulo."

"Ndakufunsa kuti ukutani."

"Ndakonza chizindikiro chija, Madamu. Ikugwira tsopano." Mawu ankatuluka ang'onoang'ono. "Anati ndikaiika m'timabolodi tonse, alemba kuti ndakhoza. Akuti ndi ntchito yoyesera zida."

Madamu anagwira m'mphepete mwa tebulo, chala n'kukhudza chingamu chouma, koma sanachichotse n'komwe. Kani nkhalamba ija, a Zitheka, sinadikire yankho lake. Itaona kuti khomo lakutsogolo lakiyidwa, inazungulira kuseri n'kukagogoda pa zenera la mwana.

"Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa."

"Mawa anzako adzangokhala pansi n'kumagogoda mabatani ngati nkhuku zojompha chimanga, pulogalamu yako n'kumawakhozetsa. Chaka chamawa chimodzimodzi. Udzakalamba, ana osadziwa ndi dzina lako lomwe akudyabe thukuta lako."

"Ndikudziwa, Madamu."

"Ndiye?"

Mafunso anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, ngakhale sanali akuda.

"Bambo anga amasoka nsapato pa khonde la sitolo. Tsiku limene ndinasankhidwa anatseka msanga, n'kuyenda msewu wonse kuuza aliyense, ndi amene sankawadziwa omwe. Makasitomala awo amanditchula kuti a Injiniya. Ndikatsika basi ndi chikwama, ndikanene kuti chiyani? Kuti ndinalephera chifukwa ndinalemba ndekha? Akandifunsa kuti nanga anzako analembetsa kwa ndani?"

Madamu anayang'ana kuchitseko. Mawu onse amene anakonza panjira anali oyenera a Zitheka, ndipo a Zitheka anali kwawo, mwina akugona tulo ta masana, mimba ili m'mwamba.

"Ndinakudikirani Lachisanu pa masitepe," anapitiriza mtsikanayo. "Munadutsa osandiona. Ndinamva kuti mwakana. Sindikukudandaulani, Madamu. Inu ntchito muli nayo kale."

Mawu amenewo analowa ngati singano. Madamu anayang'ana pa kompyuta. Pulogalamuyo inali yaudongo, mizere yolunjika, pena ndi pena pali timawu tofotokoza chimene mzere ukuchita, monga momwe iye ankawaphunzitsira ndipo palibe wina ankatsatira. Pa ntchito zonse zimene anaziona teremu imeneyo, yabwino inali imeneyi. Ndipo ndi imeneyi imene inkalowa m'dzala.

"Choka apo," anatero. "Pita ku hositelo. Totsalato ndimaliza ine. Ngati pali wodetsa manja, akhale wamkulu."

"Sizitheka, Madamu."

"Ndati pita."

"Anati ndimalize ndekha. Akuti mawa adzandifunsa pamaso pa kalembera ngati ndinayesa zida zonse ndi manja anga, ndipo ndidzasaine." Anabwezera magalasi pamphuno. "Akuti aliyense akhale ndi mbali yake, kuti pasadzapezeke wolankhula."

Madamu anaseka, kuseka kouma kopanda mano. Nkhalambayo inkadziwadi ntchito yake. Mwina mawaya inaiwala kalekale, koma kulumikiza anthu kuti wina akagwedezeka onse amve shoko, pamenepo inali katswiri.

Ketulo inazima yokha. Panja wina ankamenya mpira kukhoma la labu, mobwerezabwereza. Madamu anayang'ana mulu wa kumanzere, wa timabolodi topanda kanthu, toyera monga anatisiyira Lachisanu. Akanatha kunyamula katoni yonse n'kupita nayo kwawo. Akanatha kuimirira pakhomo mawa m'mawa n'kukuwa mpaka sukulu yonse imve. Zonsezo akanatha, ndipo madzulo ake mtsikanayu akanakhala pa basi.

"Watsala nato tingati?"

"Mulu uwu wokha."

"Wadya?"

"Ayi."

Madamu anadzutsa mpando unagwa uja, n'kuukankhira kwa mtsikanayo. Anathira madzi otentha m'kapu n'kuiika pafupi ndi dzanja lake. Kenako anaima pambali pa katoni.

"Khala pansi. Gunda kabataniko."

Mafunso anagunda. Mzere wobiriwira unayenda pa kompyuta mpaka kumapeto. Anayandikitsa kapu, kafani n'kuzungulira. Anazula chingwe, n'kuika kabolodiko kumanja, n'kutambasula dzanja.

Madamu anatola kotsatira n'kumupatsira, osamuyang'ana kumaso.